Wokulitsa Kapena Wobereketsa

Lachiwiri, 24 Novembala 1998

Andigoneka m'chipatala. Wodi ya amayi, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pafupi ndi zenera. Ndayamba kulemba kuti ndisaiwale zimene madokotala akunena, chifukwa amuna anga, a Lackson, akamva mawu khumi amafikitsa atatu.

Magazi ali pa 6.8. Akuti mkazi amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. BP 100/60. Kutentha kwa thupi 36.9. Dzulo ndinakomoka m'kalasi ndikuphunzitsa Fomu 3 za mizu ya zomera, choko chili m'manja. Ana asukulu anandinyamula ngati thumba la chimanga mpaka ku ofesi ya ahedi. Manyazi ake sindidzaiwala.

Ndachoka ku Domasi ndi chikwama chimodzi, osamuonanso kalatiya wanga. Kalatiya ndi duwa la m'nyumba. Lili mumphika pakona ya pabalaza, pamene dzuwa silimenya. Masamba ake ndi aakulu kuposa chikhatho, pamwamba obiriwira ndi mizere ngati wina anachita kujambula, kunsi kwake ofiirira. Madzulo amaimirira n'kuyandikana, m'mawa amatambasukanso. Anandigawira kachidutswa mphunzitsi wanga wa ku koleji chaka chimene ndinakwatiwa. Zaka zisanu ndi zinayi ndalisamala ndekha. Palibe wina analithirirapo madzi.

Ndawauza a Lackson kuti madzi akhale a mvula, a mu diramu, osati a pampopi. Ati, "Amayi, ganizani za thupi lanu." Ngati kuti munthu sangaganize zinthu ziwiri.

Lachitatu, 25 Novembala

Andiunika m'mimba ndi makina. Adokotala, bambo wamtali wolankhula mofatsa, ati m'chiberekero muli zotupa, zazikulu zitatu ndi tina ting'onoting'ono. Chachikulu n'chofanana ndi papaya. Si khansa, akutero, koma ndizo zikundimaliza magazi mwezi ndi mwezi. Opaleshoni sangachite mpaka magazi atafika pa 10.

Mankhwala: piritsi la ayironi katatu patsiku, la foliki kamodzi. Apempha achibale awiri kuti adzapereke magazi.

Mimba yanga yakula ngati ya miyezi isanu. Ku mvano amayi ena anali atayamba kale kundimwetulira mwa mtundu wina, ena mpaka kundilanda ndowa kuti ndisanyamule. Ndinkangowayang'ana. Ndikanawauza chiyani? Kuti ndi papaya?

Lachinayi, 26 Novembala

Bedi la kumanja kwanga kuli Abiti Hamadi a ku Naisi, mayi wachikulire amene ali ndi bala la shuga paphazi. Amadziwa matenda a munthu aliyense muno, ndi dzina la mwamuna wake lomwe.

"Mwanangu, tizikuitanani amake ndani?"

"Ndine Mayi Makwinja."

"Iyayi, limenelo ndi la abambo. Ndikunena la mwana."

"Palibe."

Anati, "Mulungu alipo," n'kundipatsa mango awiri. Mango ndalandira. Mawuwo ndawamva mokwanira.

Mvula yagwa yamphamvu masana. Kunyumba diramu ladzadza, ngati wina wakumbukira kuchotsa chivindikiro.

Loweruka, 28 Novembala

Magazi apereka a Lackson ndi mlongo wawo, alamu anga a Eluby. A Eluby amakhala kumudzi kwa Malemia, amalima, ndipo masiku ano akumabwera kunyumba kwathu kudzawaphikira achimwene awo ndi kusesa. A Lackson ataona singano anachita chizungulire, mpaka anawagoneka pa benchi. A Eluby anapereka akuseka.

Sisita ati botolo limene andipachikira ndi la alamu anga lenilenilo, chifukwa gulu lathu ndi limodzi, O. Layamba 11 koloko, latha cha m'ma 3. Ayeza kutentha katatu, palibe vuto.

"Alamu, magazi a khasu amenewo," atero a Eluby. "Mukatuluka muno muzikapalira munda wonse osapuma."

Ndawathokoza, ndipo ndimathokozadi. Koma kenako anati, "Chitsamba chanu chija ndimafuna ndichitulutse panja chiwothereko dzuwa."

"Musalitulutse! Lipsa. Musalisunthe n'komwe."

"Kodi masamba ake amadya?"

"Ayi."

"Nanga chimabereka chiyani?"

"N'longoyang'ana, alamu."

"Hoo."

"Hoo" ameneyo ndimamudziwa. Ndi wa kubanja kwawo.

Lolemba, 30 Novembala

Magazi 8.1. Botolo lachiwiri mawa. Ayironi akundimanga m'mimba, Sisita ati ndizidya mapapaya. Ndakana.

Loweruka likubwerali ndi loyamba la mwezi, tsiku lodyetsa duwa. Nyengo ya mvula, pamene likutulutsa masamba atsopano, ndimalidyetsa kamodzi pamwezi. Nyengo yozizira sindilidyetsa. Chakudya chake ndi ufa wabuluu umene ndinagula ku Blantyre, uli m'kachitini pamwamba pa kabati. Theka la kasupuni ka tiyi mu ndowa yodzadza madzi a mvula, kutakasa mpaka usungunuke. Kuyamba kuthirira madzi wamba kuti dothi linyowe, kenako makapu awiri a mu ndowa. Otsala kukathira mpiru wa kuseri. Mizu ya kalatiya ndi yanthete. Kupereka pang'ono si vuto, kupitiriza muyeso ndiko kumapha.

Ndawafotokozera a Lackson n'kuwabwerezetsa ngati mwana wa Sitandade 1. Pomaliza ananena bwinobwino, koma maso ali pa wotchi. Akuti ku pulayimale kwawo mayeso omaliza chaka ayamba, mapepala ochonga adzadza tebulo. Inenso ndine mphunzitsi, mapepala ndimawadziwa. Sanalepheretsepo munthu kuwerenga theka la kasupuni.

Lachinayi, 3 Disembala

Magazi 9.3. BP 110/70.

Adokotala atiitana tonse awiri m'kachipinda. Ati akatsegula adzayesa kuchotsa zotupa zokha. Koma zikapezeka kuti zalowerera kwambiri, kapena magazi akakana kusiya, adzachotsa chiberekero chonse. Afunsa zaka zanga, ndati 37. Afunsa ngati ndamvetsa. Ndati ndimaphunzitsa zimenezi. Ndasayina.

A Lackson nthawi yonseyi amayang'ana nsapato zawo. Titatuluka ndinawafunsa, "Simunena kanthu?"

"Chachikulu ndi moyo, amayi."

Mawu amenewo anganene aliyense, ngakhale kondakitala wa minibasi.

Ndilembe zoona zake. Kwawo kwa Malemia akhala akudikira mwana chikwatiwire changa. Apongozi anga anafuna kundiperekeza kwa asing'anga, ndinakana. Chimene chawagwira mpaka lero ndi mawu akuti "mwina chaka chamawa." Chiberekero chikachoka, "mwina" ameneyo achoka nacho limodzi. Ndiye adzawakhazika pansi a Lackson n'kuwauza zimene amauza amuna onse, kuti mwamuna sakalamba ndipo akazi sanathe m'dziko. A Lackson sindinawamvepo akutsutsa amayi awo, ngakhale pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Kodi ndikatuluka muno ndidzakhala ndikadali ndi banja?

Ndawapempha a Lackson kuti zikachitika asauze aliyense, ndidzanena ndekha. Avomera msanga. Msanga kwambiri.

Loweruka, 5 Disembala

Tsiku lodyetsa duwa. A Lackson sanabwere, akuchonga. Ndakhala ndikuona m'maganizo ndowa, kasupuni, makapu awiri. Ndikanangowauza kuti mwezi uno alisiye, silikanafa ndi njala. Koma latulutsa masamba awiri atsopano ndipo ndinawamvera chisoni.

Achibale a Abiti Hamadi abweretsa ngumbi zokazinga. Wodi yonse yatafuna, ngakhale mayi wa pakona amene analetsedwa mchere.

Lamulungu, 6 Disembala

A Lackson abwera atatuluka ku tchalitchi, ndi nthochi.

"Mwadyetsa?"

"Zachitika."

"Theka la kasupuni?"

"Zonse zachitika, amayi. Idyani nthochi."

Mawu akuti "zachitika" sindiwakonda. Sanena kuti wachita ndani.

Lolemba, 7 Disembala

Magazi 10.3. Opaleshoni mawa m'mawa, ndine wachiwiri kulowa ku fiyeta. Chakudya chomaliza madzulo ano, kenako ngakhale madzi ayi. Wogonetsa anthu wabwera, wandimvetsera pachifuwa, wafunsa ngati ndili ndi mano oikirira. Ndilibe.

Ndikuopa. Ndalemba, basi.

Lachitatu, 9 Disembala

Achotsa chonse.

Diripi kudzanja lamanzere. Paipi ya mkodzo. Jakisoni wa ululu maola asanu ndi limodzi alionse. Sindingalembe zambiri.

Lachinayi, 10 Disembala

Kutentha 37.8. Ayamba jakisoni wa penisilini. Andilola kumwa madzi pang'onopang'ono. Sisita andiyendetsa mpaka pakhomo la wodi n'kubwerera, ndikuwerama ngati nkhalamba. Adokotala afotokoza pa bedi pompano, wodi yonse ikumva, kuti zotupa zinali zitalowerera paliponse, panalibe chosiya.

A Lackson akhala pa mpando akupinda ngodya ya bulangete n'kuitambasula. Za opaleshoni sananene kanthu. Ndawafunsa za duwa.

"Lilipo."

"Masamba akuimirira madzulo?"

"Sindinaonetsetse."

Munthu amakhala pabalaza pomwepo madzulo alionse, moyang'anizana nalo.

Lachisanu, 11 Disembala

Paipi achotsa m'mawa, diripi masana. Kutentha 37.2. Andilola phala lamadzimadzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zinazo n'zolemera kulemba.

A Eluby afika nthawi yoona odwala ndi phala la mpunga mu fulasiki. Iwo akudziwa kuti achotsa zotupa basi. Anakhala pa bedi, pa mapazi anga penipeni, n'kuyamba kulankhula mokweza ngati ali kudimba.

"Alamu, mwachira inu! Nkhope yabwerera. Ndipo za kunyumba musadandaule, chitsamba chanu chija ndachikonza."

"Mwachikonza bwanji?"

"Ndachithira feteleza Loweruka, monga munalamulira."

"Feteleza wanji?"

"Wobereketsa, yureya. Ndatapa mu sitata paki yanga yomwe, ija atigawira a boma, ngakhale kathumba kake n'kochepa. Ndinabaya ndi kamtengo mbali zitatu, dzenje lililonse chitsekerero cha botolo chodzadza, n'kukwirira bwinobwino."

Zitsekerero zitatu za yureya, mumphika wa dothi losakwana ndowa imodzi. Ndinayamba kuwerengera m'mutu kuchuluka kwake. Iwo anayesa kuti ndikusowa chothokozera.

"Musavutike, alamu, ndife amodzi. Zaka zonsezi masamba okhaokha! Chinthu chingamakhale m'nyumba n'kumangomwa madzi osaonetsa kanthu? Chimangosowa wobereketsa chija. Muona, chaka chino chibereka."

Aliyense muno anamva zimene adokotala ananena dzulo. Abiti Hamadi anayamba kukonza bandeji yawo, yomwe inali bwinobwino.

Ndinafuna kukuwa, koma ulusi wa pamimba sulola munthu kukuwa. Ndinati, "Alamu, chokani pa mapazi anga. Mwapha duwa langa."

"Iii! Feteleza amapha? Kuyambira liti?"

"Si chimanga chimenecho."

"Ine ndamana chimanga changa kuti ndipatse chitsamba chanu, inu mukuti ndapha?"

Anamanga chitenje n'kutuluka, fulasiki kuisiya. Phalalo ndamwa, njala sidziwa mkwiyo. Magazi awo ali m'mitsempha mwanga, phala lawo lili m'mimba mwanga, ndipo ndawakwiyira mpaka mano akuwawa.

Yureya akachuluka choncho dothi limasanduka mchere. M'malo moti mizu ikoke madzi m'dothi, dothi ndilo limakoka madzi m'mizu. Duwa limafa ndi ludzu lili m'dothi lonyowa. Ndilo phunziro ndinkaphunzitsa tsiku limene ndinakomoka.

Sindikudziwa ngati amanena za duwa lokha. Mwina iwonso sakudziwa.

Loweruka, 12 Disembala

Kutentha 36.8. Bala ndi louma. Ndayenda ndekha mpaka ku bafa.

A Lackson abwera atamva kale. Sindinawapatse mpata wokhala pansi.

"Ndinatuma ndani?"

"Ine, amayi."

"Ndiye zinafika bwanji kwa a Eluby?"

Akuti Loweruka m'mawa anachedwa, ahedi awo amafuna zotsatira za mayeso. Ali pakhomo, njinga m'manja, anauza mlongo wawo kuti, "Alamu ako ati duwa lithiridwe feteleza lero." A Eluby anafunsa funso limene mlimi aliyense angafunse: "Wokulitsa kapena wobereketsa?"

"Inu munayankha kuti chiyani?"

"Ndinaliyang'ana, ndinaona kuti lakula kale."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinati wobereketsa."

Ndiye kuti si a Eluby. Ndi iwo, amuna anga, mphunzitsi wa satifiketi, amene ndinawabwerezetsa ndowa ndi kasupuni mpaka wodi yonse inaloweza. Abiti Hamadi anayankhira pa bedi pawo, "Theka la kasupuni, bambo! Ngakhale ine wa phazi limodzi ndikukumbukira."

"Nanga kachitini ka pa kabati?"

"Eluby anakayesa buluu wochapira zoyera. Wanyikamo malaya anga awiri."

Ndinayang'ana malaya amene avala. M'khosi ndi m'manja muli mawangamawanga ngati dzira la mbalame. Amayi a m'wodi anaseka mpaka wina kugwira bala. Ine sindinaseke.

Ndafunsa mmene duwa likuonekera. Ati m'mphepete mwa masamba mwayamba kuuma kuyambira Lachiwiri, tsiku la opaleshoni, ndiye anaopa kundiuza. Ndawalamula kuti mawa alibweretse kuno, mphika wonse, ndipo a Eluby abwere nawo. Ati anthu m'minibasi aziti chiyani. Ndati aziti mwamuna uyu wanyamula zimene anawononga.

Lamulungu, 13 Disembala

Abwera nalo, a Lackson atalinyamula pamiyendo kuchokera ku Domasi, a Eluby pambuyo, nkhope ili gwaa. Sisita anakana kuti dothi lilowe m'wodi, koma anatilola pakhonde la kuseri, pamene pali diramu la madzi a mvula. Anandiikira mpando. Abiti Hamadi anatsatira ndi ndodo yawo, akuti sangaphonye.

Sindinalizindikire. Masamba onse apiringizika, abulauni ngati fodya wa m'chigafa. Awiri atsopano aja afa asanatambasuke. Pamwamba pa dothi pali zoyera ngati mchere, ndipo pakutuluka fungo la mkodzo. A Eluby ataona kuti ndikuyang'anitsitsa anati chapansipansi, "Dzana chinali chabwinoko."

Sindingawerame, sindinganyamule kanthu. Ndiye ine pakamwa, a Eluby manja. A Lackson ndinawatuma kukafuna chitini chachikulu cha mkaka wa ufa, achiboole pansi ndi msomali, abwerenso ndi dothi la masamba owola la pansi pa mtengo wa mango ndi mchenga pang'ono.

Tinadula masamba onse, kusiya timapesi totalika ngati chala. A Eluby anapendeketsa mphika n'kukhuthula. Dothi lonse lakale tinataya kutali. Mizu anaitsuka m'beseni, kusintha madzi mobwerezabwereza mpaka fungo litatha. Ndivomereze kuti manja awo ndi ofatsa kuposa pakamwa pawo. Mizu yakuda yofewa ndinkaloza, iwo n'kumadula ndi lezala. Pansi pa mapesi pamakhala zitsa zonga za jinja. Tinapeza zitatu. Chimodzi chinaphwanyika m'manja, chowola. Ziwiri ndinazitsina ndekha ndi chikhadabo. Zolimba, mkati moyera.

"Ndiye kuti chili moyo?" anafunsa a Eluby.

"Mwina. Tidzaona pakatha mwezi kapena iwiri."

Nkhope yawo inamasuka, pakamwa n'kumasukanso. "Chikaphuka, tidzadikira zaka zingati kuti chibereke?"

"Sichibereka, alamu. Ngakhale muthire thumba lonse la yureya. Amachisungira masamba, basi."

"Chilichonse chimabereka, alamu, chikapeza..."

"Ine ayi." Sindinakonzekere kunena lero, zinangotuluka. "Lachiwiri lija sanachotse zotupa zokha. Achotsa chiberekero. Palibenso zoti mwina chaka chamawa."

Manja awo anaima m'beseni. Nthawi yomweyo a Lackson anatulukira pakona, chitini kudzanja lina, jumbo la dothi kwinaku.

"Achimwene, zimenezi mukuzidziwa?"

Anayang'ana ine, kenako iwo. "Ndikuzidziwa."

"Amayi akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye inu mwati bwanji?"

Ndinagwira mpando. Abiti Hamadi anasiya kutafuna. A Lackson anaika chitini pansi n'kunena kuti, "Ndati tibzale msanga, mizu ikuuma."

Yankho limenelo! Mwamuna wamkulu kubisala kuseri kwa chitini cha mkaka. Mlongo wake wamufunsa poyera, mkazi wake ali pompo ndi ulusi pamimba, iye akuti mizu ikuuma.

A Eluby anasakaniza dothi ndi mchenga, anabzala zitsa ziwirizo, anatsindira ndi zala, anathirira kapu imodzi monga ndinanenera. Anasamba m'manja n'kupukuta pa chitenje. "Mutsale bwino, alamu," osandiyang'ana. Pofika madzulo ano nkhani ikhala itafika kwa Malemia.

Bala likuwawa chifukwa chokhalitsa pa mpando. Panado awiri.

Lolemba, 14 Disembala

Kutentha 36.7. Jakisoni atha, tsopano makapisozi katatu patsiku.

Sanabwere aliyense. Ngakhale uthenga.

Sisita alola chitini kukhala pansi pa loka, kakabati ka pambali pa bedi, pa mbale, pamene dzuwa silifika. Timapesi tokhatokha, ngati munda wa chimanga atakolola.

Nyumba ya ku Domasi ndi ya sukulu, ili m'dzina langa. Akafuna kuchoka, onyamula chikwama ndi iwo. Ndadziuza zimenezi kangapo lero. Sizikuthandiza.

Lachiwiri, 15 Disembala

Achotsa ulusi. Bala lagwirana bwino. Magazi 9.6, akuti atsika pang'ono chifukwa cha opaleshoni, ndipitirize ayironi miyezi itatu. Anditulutsa mawa, atero adokotala, ngati pali wodzanditenga. Ndati alipo. Ndanena mokweza kuposa mmene kumafunikira.

Nthawi yoona odwala yafika n'kutha. Amuna a anthu ena alowa ndi mabasiketi, atuluka. Abiti Hamadi andigawira mpunga wawo osandifunsa.

"Mwanangu, amuna ndi nkhuku. Mvula ikamagwa amabisala pansi pa nkhokwe. Ikakata amatuluka n'kumadzikung'untha ngati sikunachitike kanthu."

"Nanga akapanda kutuluka?"

"Ndiye kuti chiwombankhanga chatenga. Idyani."

Sindinawalakwire kanthu anthu a kwa Malemia. Sindinabe, sindinanyoze munthu, maliro awo onse ndinapita n'kuphika nawo. Koma penapake lero akhala pa mkeka akukambirana za ine ngati mbuzi yosaswa.

Lachitatu, 16 Disembala

A Lackson afika m'mawa adokotala asanayendere odwala, thalauza lili matope mpaka m'mawondo. Achokera kwa Malemia wapansi mpaka pamsewu, mvula inawapeza panjira. Anaima kumapazi kwa bedi ngati mwana wochedwa kusukulu.

"Munali kuti?"

"Amayi anandiitanitsa Lolemba. Amalume analiponso."

"Akuti chiyani?"

"Akuti tiitane ankhoswe, tikambirane za tsogolo."

"Inu munati chiyani?"

Ndinadikira kuti ayambe kuzungulira. Sanazungulire.

"Ndinati ankhoswe amaitanidwa ukwati ukadwala. Ukwati wanga sunadwale. Wadwala ndi mkazi wanga, ndipo akamutulutsa wokamutenga ndine."

"Munanena choncho? Kwa amayi anu?"

"Lolemba ndinanena, anati ndigone ndiganize. Lachiwiri ndinanenanso zomwezo. Amalume anati ndadyetsedwa. Ndinati ngati ndi choncho anaphika bwino."

Abiti Hamadi anaomba m'manja kamodzi. Ndinawayang'ana, anasiya.

Apongozi akuti sanawayankhe potsanzika, ndipo Khirisimasi ino tisayembekezere kuitanidwa. A Eluby sanalankhule pa msonkhanowo, koma a Lackson akutuluka anawathamangira ndi nkhuku yomanga miyendo, akuti ya msuzi wa alamu. Aisiya kunyumba kwa aneba.

Sindinawathokoze. Munthu sathokozedwa chifukwa chosataya mkazi wake. Ndipo akanatha kunena mawu omwewo Lamulungu pakhonde paja, ndikanagona masiku awiriwa. Ndawauza zimenezo. Ati, "Ndimafuna ndiyambe kuwauza eni ake." Ndawapatsa mango otsala kuti adye, chifukwa zikuoneka kuti chichokere kumudzi sanalawe kanthu.

Zopita nazo kunyumba: ayironi katatu patsiku, makapisozi mpaka atathe, panado ululu ukabwera. Osanyamula cholemera, osakolopa, osalima kwa masabata asanu ndi limodzi. Kudzaonedwanso pa 27 Januwale. Duwa: kapu imodzi ya madzi a mvula dothi likayamba kuuma pamwamba. Feteleza ayi, wamtundu uliwonse, mpaka mvula ya chaka chamawa.

Ndatsanzikana ndi Abiti Hamadi. Phazi lawo likadali la masabata ena. Ati ndikadzadutsa pa Naisi ndidzafunse nyumba ya mayi wa pakamwa, aliyense adzandilozera.

Sisita wina pobwera kudzavula bedi anaona chitini pansi pa loka.

"Mayi Makwinja, zitsa izi n'zotaya?"

Ndisanayankhe, a Lackson anawerama n'kuchinyamula, kuchikumbatira pachifuwa chopendekeka, madzi amatope akudonthera pa malaya.

"Ayi, Sisita, n'zathu. Tikupita nazo kunyumba."

Ndawauza kuti achigwire mowongoka.